Wodwala chibayo amene anatuluka pa tsiku la 9 m'malo mwa tsiku la 4: lipoti la nkhani ndi funso la ndalama

Chifukwa cholembera lipotili

Lipoti ili ndalilemba pambuyo pa msonkhano wa mwezi ndi mwezi wounika imfa ndi zovuta za odwala m'gawo lathu la matenda a akuluakulu, pamene nkhani ya wodwala amene sanamwalire, amenenso sanadandaule kwa aliyense, inatidyera nthawi kuposa nkhani zina zonse za tsikulo. Akuluakulu a chipatala anali atatifunsa kale ngati kukhazikitsa ndondomeko zolembedwa za kachizidwe ka matenda ofala kungachepetse ndalama zimene chipatala chimawononga, ndipo ife madokotala tinali titagawanika. Ena ankati ndondomeko zoterezi zimathetsa kuwononga, pamene ena ankati ndi chingwe chimene oyang'anira chuma akufuna kumangira manja a dokotala. Ine ndinaona kuti funsoli silingayankhike m'malere, choncho ndinatenga fayilo ya wodwala mmodzi amene ndinamuyang'anira ndekha n'kuitsatira tsiku ndi tsiku. Dzina la wodwala ndi la chipatala ndazibisa, ndipo cholakwa chachikulu m'nkhaniyi ndi changa.

Mmene wodwala anabwerera

Anali bambo a zaka 68, odwala matenda a shuga amene ankawasamalira bwino ndi mapiritsi a metformin, ndipo anali atasiya kusuta fodya zaka zingapo m'mbuyomo. Anafika Lachitatu madzulo ndi mwana wawo wamkazi, atakhala masiku 4 akutsokomola, thupi likutentha, ndiponso akumva kubaya kumbali ya kumanja ya chifuwa nthawi iliyonse imene akoka mpweya. Kutentha kwa thupi kunali 38.9, mtima ukugunda ka 108 pa mphindi, akupuma ka 26 pa mphindi, kuthamanga kwa magazi kuli 128 pa 76, ndipo okosijeni m'magazi anali pa 91 peresenti asanaikidwe pa mpweya. Mutu wawo unali bwinobwino, ankayankha mafunso molongosoka. Chithunzi cha X-ray chinaonetsa mthunzi kunsi kwa phapo la kumanja, ndipo zotsatira za magazi zinaonetsa urea, chinthu chimene impso zimachotsa m'magazi, wa 8.1. Chinali chibayo chotengera kunyumba, chosabisika kwa aliyense.

Kuti tidziwe kukula kwa chibayo timagwiritsa ntchito muyeso wa CURB-65, umene unasindikizidwa mu 2003 ndi madokotala a ku Britain mogwirizana ndi anzawo a m'mayiko ena. Muyesowu umapereka mfundo imodzi pa chilichonse mwa zinthu 5: kusokonekera mutu, urea woposa 7, kupuma ka 30 kapena kuposa pa mphindi, kutsika kwa kuthamanga kwa magazi, ndi zaka 65 kapena kuposa. Bambowa anapeza mfundo 2, imodzi ya zaka ndi ina ya urea, kutanthauza chibayo chapakatikati chimene n'choyenera kugonekera munthu kwa masiku ochepa. Pa mlingo umenewu malangizo a ku Britain amanena kuti odwala ambiri angathe kuchira ndi mankhwala akumwa, amoxicillin pamodzi ndi clarithromycin ngati kuli kofunika. Koma popeza bambowa anali atasanza kawiri asanalowe m'wodi, dokotala wolandira odwala anawaika kanyula, kachubu kolowetsera mankhwala mumtsempha, pamkono wa kumanzere n'kuyamba jakisoni wa maantibayotiki a ceftriaxone, ndipo ine sindikuona cholakwa pa chiganizo chimenecho. Pa pepala lopita ku labotale analembapo kuti magazi aziyezedwa tsiku lililonse, osatchula tsiku losiyira.

Mmene masiku anayendera

Lachinayi usiku kutentha kunatsika ndipo sikunakwerenso. Lachisanu m'mawa, lomwe linali tsiku la 3, ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, mpweya atauchotsa okha pamphuno, mbale ya chakudya cham'mawa ili yopanda kanthu pa kabati. Kutentha kunali 37.2, mtima ka 88, kupuma ka 20, okosijeni 95 peresenti popanda mpweya wowonjezera, ndipo namwino anandiuza kuti akupita okha kuchimbudzi. Zizindikiro zonse zimene malangizo a mabungwe a ku America a matenda a m'chifuwa ndi matenda opatsirana, a 2007 ndi a 2019, amatchula kuti wodwala wakhazikika zinalipo: kutentha kosaposa 37.8, mtima wosaposa ka 100, kupuma kosaposa ka 24, okosijeni wa 90 peresenti kapena kuposa, kutha kudya ndi kumwa, ndi mutu woganiza bwino. Bambowa anatukula mkono wokhala ndi kanyula uja n'kufunsa kuti, “Adokotala, kodi singano iyi ichoka liti? Inetu ndikudya bwinobwino.” Ndinawayankha kuti, “Bambo, tiyeni timalize kaye jakisoni, tidzaonanso Lolemba.” M'fayilo ndinalemba mzere umodzi wokha wonena kuti akupeza bwino ndipo chithandizo chipitirire, kenako ndinapita pa bedi lotsatira pamene panali wodwala wovutika kwambiri.

Mzere umenewo ndi umene unadula kuposa china chilichonse m'fayilo yonse. Loweruka ndi Lamlungu dokotala wa pantchito amayang'anira mawodi angapo nthawi imodzi, ndipo amaona okhawo amene anamwino amuitanira. Munthu amene akupeza bwino saitanirwa dokotala. Choncho jakisoni anapitirira, magazi ankatengedwa m'mawa uliwonse ngakhale kuti panalibe amene ankadikira zotsatira zake, ndipo kanyula kanakhalabe pamalo pomwepo.

Lolemba m'mawa, tsiku la 6, thupi linatenthanso kufika 38.4. Dokotala wachinyamata amene anayamba kuwaona anaganiza, monga mmene ambiri a ife tikanaganizira, kuti mankhwala alephera ndipo chibayo chabwerera. Anaitanitsa X-ray yachiwiri, anatenga magazi okafufuza tizilombo, ndipo anasintha mankhwala kupita ku piperacillin ndi tazobactam, amene amabayidwa kangapo pa tsiku. Chithunzi chinabwera chili ndi mthunzi pamalo omwe aja, ndipo chinaoneka ngati chikutsimikizira mantha ake, chikhalirecho mthunzi wa chibayo umatenga masabata angapo kuti uzimiririke, makamaka kwa anthu achikulire, ngakhale munthuyo atachira. Amene anaona vuto lenileni anali namwino wodziwa ntchito amene ankakonzekera kubaya mankhwala atsopanowo. Atamatula pulasitala anandiitana nati, “Adokotala, mwauona mkonowu?” Khungu lozungulira kanyula linali lofiira ndi lotentha, ndipo mtsempha unali utauma ngati chingwe kutalika kwa chala chimodzi kukwera cha kuchigongono. Mapapo awo, nditawamvetsera, anali bwino kuposa Lachisanu.

Kanyula tinakachotsa nthawi yomweyo. Popeza anali munthu wa shuga ndipo kutupa kwa mtsempha kotereku nthawi zina kumalowetsa tizilombo m'magazi, sitikanawatulutsa tisanaone zotsatira za magazi aja, zimene zimafuna maola osachepera 48. Kanyula kena kanaikidwa pamkono wa kumanja. Zotsatira zinabwera Lachitatu zopanda tizilombo, kutentha kunali kutatsika, ndipo anatuluka Lachinayi, tsiku la 9. Akanasinthidwa kupita ku mapiritsi Lachisanu lija, akanatuluka Loweruka, tsiku la 4, n'kukamalizira kunyumba mankhwala a masiku 5 amene malangizo amati ndi okwanira kwa wodwala wokhazikika.

Kumene ndalama zinapita

Nditakhala pansi ndi fayiloyi ndinagawa zowonongeka m'magulu awiri, chifukwa kusiyana kwa magulu amenewa ndi kumene kuli mtima wa funso la akuluakulu athu. Gulu loyamba ndi la zinthu zimene zimachoka m'nkhokwe wodwala akazigwiritsa ntchito, ndipo zikanatsala akanapanda kuzigwiritsa ntchito: mabotolo a ceftriaxone a masiku owonjezera, mankhwala okwera mtengo a Lolemba mpaka Lachitatu, masirinji, madzi osungunulira mankhwala, magolovesi, kanyula kachiwiri, mabotolo ofufuzira tizilombo, mankhwala a m'makina a labotale a magazi amene anayezedwa m'mawa uliwonse, ndi X-ray yachiwiri. Gulu lachiwiri ndi la zinthu zimene chipatala chimalipira kaya bambowa alipo kaya kulibe: malipiro a anamwino ndi madokotala, magetsi, madzi, nyumba, makina, ndi bedi lenilenilo.

Palinso zowonongeka zimene sizilembedwa m'mabuku a chipatala konse. Mwana wawo wamkazi anajomba kuntchito masiku onsewo. Bambowa anatuluka ali ofooka miyendo chifukwa chogona nthawi yaitali. Ndiponso usiku uliwonse wa masiku 5 owonjezerawo panali wodwala wina amene ankadikira bedi pa machira m'chipinda cholandirira odwala, ndipo ameneyo fayilo iyi simutchula.

Zimene ofufuza anapeza kale

Palibe chimene chinachitika kwa wodwala wathu chimene chinali chachilendo kwa ofufuza. Mu 2000 kunasindikizidwa kafukufuku wa ku Canada wa zipatala 19, zimene zina zinapatsidwa ndondomeko yolembedwa ya chibayo yonena amene ayenera kugonekedwa, nthawi yosinthira ku mankhwala akumwa ndi nthawi yotulutsira wodwala, pamene zina zinapitiriza monga mwa masiku onse. M'zipatala zotsatira ndondomeko masiku ogona pa wodwala aliyense anachepa ndi 1.7, odwala a chibayo chochepa anagonekedwa ochepa, ndipo kuchira kwawo sikunasiyane ndi kwa anzawo. Mu 2006 ofufuza a ku Netherlands anaonetsa kuti ngakhale pa chibayo chachikulu, kusinthira ku mankhwala akumwa patatha masiku 3 kwa amene akhazikika kunachepetsa kugona m'chipatala ndi masiku pafupifupi 2 popanda kuika odwala pa ngozi. Bungwe la Cochrane, lounika kafukufuku wa zaumoyo, litasonkhanitsa kafukufuku 27 wa ndondomeko zotere za matenda osiyanasiyana mu 2010, linapeza kuti zovuta zobwera wodwala ali m'chipatala zinachepa ndipo kalembedwe ka m'mafayilo kanawongokera, ndiponso kuti ambiri mwa kafukufukuyo anaonetsa kuchepa kwa masiku ogona, ngakhale kuti zipatalazo zinali zosiyana kwambiri moti sikunali kotheka kutchula chiwerengero chimodzi cha ndalama zopulumuka.

Ndikayang'ana zitsanzo zimene ndondomeko inapulumutsadi chuma mooneka, ndimapeza kuti zambiri zili ndi khalidwe limodzi: zimauza dokotala kuti asiye chinthu chimene ankachita mwachizolowezi, kapena zimatseka khomo la vuto lodula. Kafukufuku wa ku Canada wa 1999 wa odwala 838 a m'zipinda za odwala mwakayakaya anaonetsa kuti kudikira mpaka mlingo wa magazi utsike pansi pa 7 musanaike magazi, m'malo mwa 10, sikunawonjezere imfa, ndipo kuyambira pamenepo mabotolo ambiri a magazi atsala m'mafiriji padziko lonse. Ku Michigan, ku United States, m'zipinda za odwala mwakayakaya 103, mndandanda wa zinthu 5 zosavuta zochita poika chubu cha mumtsempha waukulu, monga kusamba m'manja, kupukuta khungu ndi chlorhexidine ndi kuchotsa chubu chikatha ntchito, unatsitsa matenda a m'magazi kwambiri, monga momwe lipoti la 2006 linaonetsera. Mfundo yomaliza ya mndandanda umenewo, yochotsa chubu chosafunikanso, ndi yomweyo imene ife tinaiphonya pa kanyula kakang'ono ka pamkono.

Zimene tinasintha m'wodi

Sitinalembe buku. Tinapanga tsamba limodzi limene limamatidwa kutsogolo kwa pepala la mankhwala la wodwala aliyense wa chibayo. Pamwamba pali muyeso wa CURB-65 ndi mankhwala oyambira pa mlingo uliwonse, motsatira kagawidwe ka maantibayotiki ka World Health Organization ka 2017, kamene kamaika amoxicillin m'gulu la mankhwala oyamba kugwiritsa ntchito, ndi ceftriaxone m'gulu la ofunika kuwasamala chifukwa amafulumiza kupirira kwa tizilombo. Pakati pali zizindikiro za kukhazikika zija, ndi malo ochonga m'mawa uliwonse. Lamulo limene linagwira ntchito kuposa onse linali lakuti jakisoni wa maantibayotiki amatha yekha pakapita maola 48 pokhapokha dokotala atasainanso ndi kulemba chifukwa chake. Tinathetsanso kulemba kuti magazi aziyezedwa tsiku lililonse popanda tsiku losiyira, ndipo tinagwirizana kuti namwino kapena wa ku famase ali ndi ufulu wofunsa dokotala wa udindo uliwonse chifukwa chimene wodwala wodya yekha adakali pa jakisoni.

Ziyenera kulembedwa kuti tsamba limodzi limenelo silinabwere laulere. Linadya misonkhano ingapo ya anthu olipidwa, maphunziro a anamwino a masana ndi a usiku, kusindikiza, ndi nthawi ya wa ku famase amene tsopano amayenda m'wodi m'mawa. Madokotala achinyamata amasinthana mawodi pakapita miyezi yochepa, choncho maphunzirowo amabwerezedwa kosalekeza. Amene amawerengera phindu la ndondomeko osachotserapo mtengo woikhazikitsa ndi kuisunga yamoyo amadzinamiza yekha.

Patapita miyezi ingapo a ku famase anatiuza kuti ceftriaxone wopita ku wodi yathu wachepa mooneka, ndipo a ku labotale anati machubu a m'mawa ochokera kwathu sakudzazanso thireyi monga kale. Ndinapita kwa woyang'anira chuma cha chipatala ndili ndi chimwemwe, ndikuyembekeza kuti andionetsa ndalama zimene zatsala. Iye anatembenuza kompyuta yake kuti ndione, ndipo ndalama zonse zimene wodi yathu inawononga sizinatsike. Anandifunsa modekha kuti, “Adokotala, bedi limene mwatulutsapo wodwala Loweruka limakhala lopanda munthu mpaka liti?” Yankho ndinkalidziwa: silifika madzulo. Pa bedi limenelo pamagona wodwala watsopano, ndipo masiku oyamba a wodwala aliyense ndi amene amadula kwambiri, chifukwa ndi pamene pamakhala X-ray, magazi, mpweya ndi jakisoni. Masiku amene ndondomeko yathu inadula anali akumapeto, otsika mtengo, a munthu amene akungodya ndi kugona. Tinachotsa masiku otchipa n'kulowetsamo masiku odula.

Zimene ananenazi zili ndi umboni wake. Kafukufuku wa 1999 wa pa chipatala chachikulu cha boma cha ku Chicago anapeza kuti 84 peresenti ya ndalama za chipatalacho inali ya zinthu zosasintha ndi chiwerengero cha odwala, monga malipiro, nyumba ndi makina, ndipo 16 peresenti yokha ndi imene inkakwera kapena kutsika ndi wodwala aliyense. Ndiye kuti ndondomeko ingathe kutsitsa mtengo wochizira wodwala mmodzi pamene ndalama zonse za chipatala zili pomwepo kapena zakwera, chifukwa chipatala chachiza anthu ambiri ndi mabedi omwewo. Kwa ine dokotala, zimenezi ndi phindu lenileni, pakuti munthu wa pa machira uja walowa m'wodi msanga. Kwa amene analonjezedwa kuti bajeti itsika, ndi zokhumudwitsa, ndipo ndikuganiza kuti tinalakwa posawafotokozera kusiyanaku poyamba pomwe.

Kumene phindu limagwera kumadaliranso mmene chipatala chimalandirira ndalama zake. Kumene chipatala chimalipidwa mtengo umodzi pa matenda alionse, monga mmene Medicare, inshulansi ya boma ya zaumoyo ya okalamba ku United States, inayambira kuchita mu 1983, tsiku lililonse lodulidwa limatsalira chipatala. Kumene chimalipidwa pa tsiku lililonse limene wodwala wagona, kapena pa chithandizo chilichonse chimene chaperekedwa, ndondomeko yomweyo imachepetsa zolowa, ndipo wopindula ndi wodwala kapena kampani ya inshulansi. Kumene chimapatsidwa bajeti ya chaka chonse, phindu silioneka ngati ndalama konse, limaoneka ngati mzere wofupika wa odikira.

Wodwala wachiwiri

Lipotili likanakhala losakwanira ndikanabisa wodwala amene tsamba lathu linamulakwira. Anali mayi a zaka 41 amene anabwera akutsokomola ndi kutentha thupi, X-ray ikuonetsa mthunzi kumtunda kwa phapo la kumanja. Pa CURB-65 sanapeze mfundo iliyonse, choncho dokotala anatsatira tsamba mokhulupirika, anawapatsa amoxicillin wa masiku 5 n'kuwabweza kunyumba, ndipo pa mabuku athu anaoneka ngati chitsanzo chabwino cha kugoneka kumene kwapewedwa. Anabweranso patapita masabata 2 ataonda, akutuluka thukuta usiku, ndipo titawafunsa mofatsa ananena kuti chifuwacho chinali chitatha kale mwezi pamene anabwera koyamba. Makhololo atayezedwa anapezeka ndi chifuwa chachikulu cha TB. Masiku onsewo anali akugona m'nyumba imodzi ndi ana.

Tsamba lathu tinalitengera ku malangizo olembedwa m'mayiko amene TB ndi yosowa, ndipo linalibe funso lakuti chifuwa chatha nthawi yaitali bwanji. Dokotala wotopa amene ali ndi pepala lochonga amafunsa zimene zili pa pepalapo. Tinawonjezera mzere wofunsa kutalika kwa chifuwa, kuonda, thukuta la usiku ndi HIV, ndi wolamula kuyeza makhololo ndi makina ofufuzira TB a Xpert, amene World Health Organization inawavomereza mu 2010, kwa aliyense woyankha kuti inde pa limodzi la mafunsowo. Mzere umenewo unakweza ndalama za labotale, ndipo palibe dokotala m'gawo lathu amene angavomere kuti uchotsedwe. Nkhaniyi inatikumbutsanso kuti ndondomeko ya ku Canada ija, imene inachepetsa masiku ogona, inkagwiritsa ntchito levofloxacin, mankhwala amene amaphanso pang'ono tizilombo ta TB, kotero kuti kumene TB ili yofala angathe kuibisa kwa kanthawi ndi kuchedwetsa kuizindikira. Ndondomeko yopulumutsa ndalama m'dziko lina ingathe kubala vuto lodula m'dziko lina ikangokoperedwa osaisefa.

Pamene ndondomeko ikweza mtengo

Anzanga amene amakayikira ndondomeko ali ndi mfundo zimene siziyenera kunyozedwa. Malangizo ambiri a zachipatala sanalembedwe ndi cholinga chosunga ndalama, analembedwa kuti anene chithandizo chimene umboni ukuonetsa kuti n'chothandiza, ndipo kawirikawiri chithandizo chimenecho ndi chowonjezera. Pamene sofosbuvir anavomerezedwa ku United States mu 2013 pa mtengo wa madola 84,000 pa masabata 12, malangizo amene anamuika patsogolo pochiza matenda a chiwindi a hepatitis C anali olondola kumbali ya kuchiza, koma anagwedeza mabajeti. Ngakhale bungwe la NICE la ku England, lokhazikitsidwa mu 1999, limene limadziwika poyeza mtengo wa chithandizo, silifunsa ngati chithandizo chikupulumutsa ndalama. Limafunsa ngati thanzi logulidwa likugwirizana ndi mtengo wake, ndipo kwa zaka zambiri malire ake anali mapaundi 20,000 mpaka 30,000 pa chaka chimodzi cha moyo wathanzi. Ngakhale chithandizo chovomerezedwa pa muyeso umenewu kawirikawiri chimawonjezerabe ndalama zotuluka.

Vuto lina ndi la wodwala wa matenda ambiri. Mu 2005 ofufuza a ku America anatenga chitsanzo cha mayi wa zaka 79 wa matenda 5 okhalitsa, shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mapapo, nyamakazi ndi kufooka kwa mafupa, n'kutsatira malangizo a matenda alionse payekhapayekha. Mayiyo anathera pa mankhwala 12, a madola 406 pa mwezi, ena mwa iwo olimbana okhaokha. M'wodi ya akuluakulu odwala otere ndi amene amadzaza mabedi.

Ndiponso ndondomeko imalakwa, ndipo ikalakwa imafalitsa cholakwacho mofulumira kuposa mmene dokotala mmodzi akanachitira. Njira yochizira matenda a tizilombo m'magazi imene inatchuka pambuyo pa kafukufuku wa chipatala chimodzi wa 2001, yofuna chubu cha mumtsempha waukulu ndi kuyeza kosalekeza m'maola 6 oyamba, inalowa m'malangizo a padziko lonse mu 2004. Kafukufuku wamkulu wa ku United States, wa ku Australia ndi New Zealand, ndi wa ku England, wosindikizidwa mu 2014 ndi 2015, anapeza kuti njirayo sinachepetse imfa poyerekeza ndi chisamaliro chabwino cha masiku onse, ndipo wa ku England anaonetsa kuti inali yodula kwambiri. Mankhwala a drotrecogin alfa, amene analowanso m'malangizo omwewo, anachotsedwa pa msika mu 2011 kafukufuku watsopano atalephera kuonetsa phindu lake. Zaka zonse zapakatipo zipatala zinkalipira chifukwa chomvera.

Maganizo anga pa funso la akuluakulu athu ndi akuti tisalonjeze kutsika kwa bajeti, koma tisankhe malo ochepa amene tikudziwa kuti timachita zinthu mopitirira chifukwa cha chizolowezi, monga jakisoni wopitirira nthawi, magazi oyezedwa popanda funso loyankha, ndi machubu oiwalika m'thupi, n'kuyeza zinthu zimene zingayezeke moona: masiku a jakisoni, masiku ogona, ndi chiwerengero cha obwereranso m'chipatala pasanathe masiku 30. Chomalizachi n'chofunika kwambiri, chifukwa ndi chimene chikanationetsa msanga mayi a TB aja.

Kutsatira wodwala woyamba

Bambo aja anabwera ku kiliniki patatha masabata 6. Chifuwa chinali chitatha, shuga anali pa mlingo wabwino, ndipo mphamvu za m'miyendo zinali zikubwerera, ngakhale anati kukwera masitepe kudakali kuwapumitsa. Pamkono wa kumanzere mtsempha uja unali udakali wouma pang'ono pansi pa khungu, wosapwetekanso. Popeza ndi munthu wopitirira zaka 50 amene anasutapo fodya, malangizo a ku Britain amati ajambulidwe X-ray pa nthawi imeneyi pofuna kutsimikiza kuti kuseri kwa chibayo sikunabisale khansa ya m'mapapo, ndipo tinawajambula. Mthunzi unali utazimiririka wonse. Imeneyi inali X-ray yawo yachitatu, ndipo mwa zitatuzo yoyamba ndi yomalizayi ndi zimene zinali ndi funso loyankha.

Nkhani ya Loweruka ndi Lamlungu sinathe. Lamulo la maola 48 limaimitsa jakisoni, koma silisaina kalata yotulutsira wodwala, ndipo famase yopereka mankhwala otengera kunyumba imatseka Loweruka masana. Pempho lakuti pakhale dokotala mmodzi woyendera odwala okhazikika Loweruka m'mawa, ndi kuti mankhwala a otuluka azikonzedwa Lachisanu, lili pa tebulo la akuluakulu a chipatala, ndipo mtengo wake ukuwerengedwa ndi woyang'anira chuma yemwe uja.